Chala chanu pa RAM, Ada

Ada, bambo anga, lero mwandiyendera m'maganizo kuntchito kuno ku Kande. Laputopu ya pa loji yathu inayamba kukwawa, ndiye ndaitsegula kuti ndione RAM yake, kathabwa kobiriwira kamene kamathandiza kompyuta kugwira ntchito mwachangu. Nditangokagwira, ndakumbukira tsiku lija ku Chintheche, matenda a shuga atakuphani kale maso. Aphunzitsi ena anabwera kwa inu, katswiri wa makompyuta, ndi laputopu yawo komanso RAM yatsopano yochokera ku Mzuzu. Inkakana kulowa, mayeso a ana ali m'laputopu yomweyo, ndipo iwo ankafuna kuikankha ndi mphamvu. Inu munati, "Musaikakamize, muthyola. Patseni kuno." Munayendetsa chala m'mphepete mwake, mwa yakale, kenako mwa yatsopano, mpaka chinaima pa kampata kamene kamakhala m'mphepetemo. "Yanuyi ndi DDR3. Yatsopanoyi kampata kasendera pakati, ndi DDR4. Sizibwerekana nyumba." Ndi maso anga awiriwa ndinkaona ngati n'zofanana. Kenako munaseka n'kundiuza kuti, "Mtundu ndaudziwa, koma kukula kwake chala sichiwerenga. Tandiwerengera pa kapepala komatidwa pamenepo, mama."

Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wokhala mumdima angaone bwanji chinthu chaching'ono chonchija. Ndiye lero ndatsinzina, ndayendetsa chala monga munkachitira, ndipo ndaudziwa mtundu wake. Nditatsegula maso ndawerenga kapepalako mokweza, "8GB, Ada." Mnzanga wa kukhitchini wandifunsa kuti ndikulankhula ndi ndani.