Zomwe Mayi Lavula Anapeza Pansi pa Madesiki

Ana asukulu ankawatcha Mayi Lavula, ndipo dzinalo linamera mizu moti ngakhale amuna awo ankawaitana choncho akafuna kuwaputa. Anaphunzitsa masamu zaka zambirimbiri m'kalasi imodzimodzi, ya kumapeto kwa khonde, yomwe zenera lake limodzi silinkatsekeka. Anali mayi wamfupi, wa magalasi okhuthala, woyenda mwakachetechete ngati mphaka. Mwana wochedwa ankamukhululukira. Woiwala buku ankamubwereka lawo. Koma wotafuna chingamu analibe naye chisoni. Nsagwada ikangogwedera pang'ono, ngakhale kumzere wakumbuyo, choko chinkaima pabolodi.

"Lavula!"

Wogwidwayo ankabwera kutsogolo, kulavulira m'kapepala, n'kuima pakona mpaka belu litalira. Mayiwo ankati pakamwa pakalowa ntchito, mutu umapita kutchuthi. "Ng'ombe imabzikula tsiku lonse," ankatero. "Munaionapo itakhoza mayeso?"

Umboni wawo waukulu unali mwana wawo womaliza, yemwe anadutsa m'kalasi momwemo, n'kukhoza kuposa anzake onse, ndipo tsopano anali namwino. "Ujatu chibadwire sanalaweko zonyansazi," ankauza ana atsopano chaka ndi chaka.

Tchuthi china sukulu inaitana kalipentala kudzakonza mipando. Mayi Lavula anapitako m'mawa kuti akamuonetse desiki logwedera mwendo, ndipo anapeza madesiki onse a m'kalasi mwawo ali panja, atagadamitsidwa pakapinga. Anayamba kuyenda pakati pake. A kumbuyo, kumene kunkakhala anyamata ovuta aja, anali ndi timadontho apa ndi apo. Anagwedeza mutu, poti izi ankaziyembekezera. Koma atafika pa madesiki a kutsogolo anaima n'kuwerama kuti aonetsetse.

Thabwa silinkaoneka n'komwe. Chingamu chinali chitamatana pamwamba pa chinzake, chotuwa, chofiira, china chouma gwa ngati mwala. Loposa onse linali desiki la pazenera, pomwe iwo eni ankakhazika mwana wokhoza kwambiri chaka chilichonse. Pansi pake panali ngati chisa cha mavu.

"Ili lokha ndanyamula ndi mnzanga, mayi," anatero kalipentala, akupala ndi mpeni. "Likulemera kuposa anzake."

Mayi Lavula sanaseke. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Chisa chija chinali pomwepo.

Masana omwewo anakwera basi kupita kwa mwana wawo. Anamupeza akuyanika yunifomu kuseri kwa nyumba, ndipo anamufotokozera zonse asanakhale n'komwe pansi. Namwinoyo anayamba waluma mlomo, kenako anaphulika ndi phwete mpaka kugwira chingwe choyanikira kuti asagwe.

"Amayi, pepani. Zambiri mwa zimenezo ndi zanga."

"Zako? Iwe?"

"Ndinkachibisa pansi pa lilime. Mukatembenukira kubolodi ndimatafuna, mukacheuka ndimaima. Ndikapanda kutero maganizo ankathawira panja, ndinkangomva mbalame ndi magalimoto. Ndinaphunzitsidwa ndi mtsikana amene ankakhala pamenepo ine ndisanafike."

Mayi Lavula anakhala pa ndowa yovundikira yomwe inali pafupi. "Nanga unkachipeza kuti? M'chikwama mwako ndinkasechamo ine."

Namwino anayang'ana kumbali. "Funsani ababa."

Atabwerera kunyumba, Mayi Lavula anapeza amuna awo pakhonde akukonza wailesi. Bamboyo sanakane, sanadzidzimukenso.

"Ndinkamuikira m'sokosi," anatero. "Ndinaona kuti akamatafuna amakhazikika pa buku osadzukadzuka. Ndikanakuuzani, m'nyumba muno tikanagonamo?"

"Zaka zonsezi mwakhala mukundimva ndikudzitama pamaso pa anthu!"

"Mwanayo anakhozadi. Pamenepo simunaname."

Sabata imeneyo bamboyo ankadziphikira yekha tiyi.

Komabe nkhaniyo inakana kuchoka m'mutu mwa mayiwo. Tsiku lina kukutentha, ali ndi mulu wa mapepala oti achonge, zikope zinayamba kulemera monga mwa masiku onse. Anapita kugolosale ya kutali, komwe sankadziwika, n'kugula kapaketi kamodzi ka chingamu ngati munthu wogula chinthu choletsedwa. Atabwerera anakhoma chitseko, kutseka katani, n'kuponya kamodzi m'kamwa.

Zomwe zinachitika zinawaopsa kuposa madesiki aja. Tulo tinabalalika. Manambala anaima bwinobwino pamzere, ndipo cholembera chinathamanga. Koma sizinakhalitse. Kukoma kutatha, nsagwada zinayamba kuwawa, ndipo kuyasamula kunabwerera. Anayamba kuganiza. Kanthuka kankadzutsa munthu kwa kanthawi, basi. Nzeru sikankaika m'mutu, komanso sikankachotsamo. Ndiye ana onse aja anawaimika pakona chifukwa chiyani?

Sukulu itatsegulidwa, tsiku la mayeso oyamba, anaika mbale pathebulo, yodzaza chingamu.

"Wofuna atenge. Mukatha, mukulunge m'pepala, muponye m'bini."

Ana anayang'anana. Onse ankaganiza kuti ndi msampha, ndipo mtsikana wina wamantha anayamba kulira. Mayi Lavula anatenga kamodzi, kukasenda, n'kuyamba kutafuna iwo eni pamaso pa onse. Mnyamata wina kumbuyo anagwetsa rula. Kenako ana anayamba kudzuka kukatenga, mmodzimmodzi.

Ahedi ankadutsa pakhonde nthawi imeneyo. Anasuzumira pakhomo, naona kalasi yonse itaweramira mapepala, nsagwada zikuyenda, ndi mphunzitsi yemwe. Anabwerera m'mbuyo kukawerenga chikwangwani cha pachitseko ngati asokera.

"Mayi," ananong'ona, "muli bwinobwino? Tikuitanireni galimoto?"

"Ndili bwino, ahedi. Musasokoneze, ana akulemba."

Zotsatira zitatuluka, olimbikira anakhoza monga kale, ndipo aulesi analephera m'kamwa mukununkhira bwino. Kusiyana kunaoneka pa ana ochepa osakhazikika aja, omwe kale ankasiya mafunso theka n'kumayang'ana kudenga. Ulendo uno ambiri a iwo anafika kumapeto kwa pepala.

Aphunzitsi anzawo anagawikana pankhaniyi, ndipo makolo ena anabwera kudzadandaula kuofesi. Ahedi analola kuti zizichitika m'kalasi imeneyo yokha, pa masiku a mayeso okha. Mayi Lavula anapitiriza choncho mpaka anapuma pantchito. Mbale ija anaisiyira mphunzitsi wachinyamata amene analowa m'malo mwawo, ndipo iye, posadziwa kanthu, ankasungiramo choko.