Anandidikira Masiku Atatu

Bambo anamwalira ine ndili pachilumba china kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndikuveka mbalame mphete m'miyendo. Inde, ndiyo inali ntchito yanga. Sekani ngati mukufuna, kwathu ku Chisepo anaseka kale mpaka anatopa. Sukulu yonse ija, mwana wachisamba, n'kukathera kuthamangitsana ndi mbalame!

Zinali mbalame zazikulu za m'nyanja, mapiko ake zikatambasula kuposa chitseko cha nyumba. Zikutha chifukwa zimakodwa pa mbedza za asodzi. Ife timaveka mwanapiye mphete yokhala ndi nambala, iye n'kuuluka, ndipo timadikira zaka kuti tione ngati adzabwerere kudzaikira dzira pomwe anaswedwa. Mphepo ya kumeneko musanene, chisanu cha mu Juni ku Ntchisi n'chamasewera. Sitima imafika kamodzi pachaka basi.

Uthenga wa maliro unandipeza mu Januwale. Ndinauza mlongo wanga pa foni kuti sindingabwere, sitima kulibe. Ndinalira, ndinapukuta misozi, m'mawa mwake ndinabwerera ku zisa. Nanga ndikanatani?

Ndinafika kumudzi mu Meyi, anthu akusankha fodya. Anandilandira bwinobwino, koma moni wake unali wopyapyala. Mlamu wanga ndiye anandiululira tili kudimba. Kwathu bokosi satseka mwana woyamba asanaone nkhope. Amalume atamva zoti sitima kulibe, anayesa ndi monga matola a ku Mponela, oti akakusiya lero mawa ukwera ena. Analamula kuti adikire. Anadikira masiku atatu, mvula ili pakati, kutentha kuli pomwepo, mpaka amayi a mpingo anayamba kuimbira nyimbo panja chifukwa m'nyumba simunkakhalikanso. Amayi anga okha ndiwo sanatuluke.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira amalume, ndinakwiyira mlongo wanga yemwe sanafotokoze bwino, ndinadzikwiyira ndekha. Kenako mkwiyo unatha, kunangotsala kutopa, kuja kosatha ndi tulo.

Tsono m'chikwama mwanga munali kalata yondiitana kuti ndipitenso chaka china. Anapiye amene anzanga anaveka mphete kalekale anali atayamba kubwerera, ndipo popanda chaka chachiwiricho maphunziro anga akanathera panjira. Koma sindikanapita amayi asanavomere. Kalata ija ndinayenda nayo milungu iwiri ngati munga kuphazi.

Tsiku lina masana ndinawapeza m'chigafa, momwe timaumitsira fodya, akupatula masamba abwino ndi oipa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza, koma manja anali ataiwala. Anangotenga tsamba lomwe ndinaika polakwika n'kulisuntha.

"Amayi, akundifunanso kuja," ndinatero.

Sanadzutse mutu. "Kwa mbalame zako?"

"Eya."

"Zimadyedwa?"

"Ayi, amayi."

"Ha! Ndiye ntchito ilipo." Anamanga kamtolo, nakaponya pambali. "Tandiuza, iwe. Mbalame yovala mpheteyo ikapanda kubwera, mumatani?"

Ndinawafotokozera kuti sitifulumira kulemba kuti yafa. Ina imadumpha chaka, ina zingapo, ndiye timapitabe pachisa chake kukaona, chaka ndi chaka. Ndinalankhula motalika, mwina monyada, chifukwa aka kanali koyamba munthu wa kwathu kundifunsa za ntchito yanga mosaseka.

"Muli ndi mtima wodekha," anatero. "Koma mbalame yanu siwola poidikira."

Kunja mbuzi inali kulira, wina akupuntha nyemba kuseri kwa nkhokwe. Ndinafuna kupepesa, koma kupepesa ndinali nditapepesa kale kambirimbiri, mawu ake anali atasukuluka.

"Ngati simukufuna, ndikhala," ndinatero, ndipo ndinkanena zoona.

"Ukhale udzatani? Fodya wakukana kale uyu." Anandiyang'ana tsopano, maso ouma, opanda mkwiyo. "Bambo ako anagulitsa ng'ombe kuti uphunzire, osati kuti uzindilondera. Pita, mwanawe, kamalize."

Ndinayamba kuthokoza, manja ndikuwomba, mtima utapepuka koyamba chifikireni. Iwo anatola tsamba lina n'kuliwongola pabondo.

"Usade nkhawa," anatero. "Amalume ako ndawauza kale. Langa tsiku likadzafika, asadzadikire munthu."