Mchombo Kuseri kwa Nyumba

Lero ndamasula thumba la chimanga, fungo la fumbi lake n'kundibwezera m'nkhokwe ya agogo ku Biriwiri.

Tsiku lina ndili mwana, tinkasewera chibisalirano, ine n'kukwera m'nkhokwemo. Anzanga asanandipeze, agogo anadzakhala pamthunzi pake ndi mwana wawo wamwamuna, amene ndinkawatchula amalume.

"Amayi, dimba lija musamupatse mtsikanayu," anatero amalume, akunena ine. "Mayi wake anali wothawa nkhondo ku Mozambiki, munangomutola pamsewu ali ndi pakati. Si magazi athu."

Ndinkadziwa kuti amayi anamwalira pondibereka, koma ndinkayesa kuti anali mwana wa agogo. Anankafumbwe ankandiyenda m'miyendo, ine osayerekeza kukanda. Nanga ndine wa yani?

"Mchombo wake ndinaukwirira ndekha kuseri kwa nyumba iyi, pafupi ndi wako," anayankha agogo. "Pita ukafukule, udzandiuze wa mlendo ndi uti."

Amalume ananyamuka osatsanzika. Agogo anagogoda nkhokwe, n'kundiitana ndi mfunda wa pakhomopo, momwe ankachitira ndikawatungira madzi.

"Tsika, mwanawe, patapata wako wamusiya pansi apa. Tenga kheni, tikathirire kabichi kudimba kwako."