Sikelo ya a Hamidu

Komiti ya msika wathu inalengeza pa chimkuzamawu kuti nthawi ya masikelo onama yatha. Pofuna kutsindika mfundoyi, inakonza mpikisano: makobiri asanu ndi anayi ofanana, limodzi lopalidwa ndi tupa kuti lipepuke. Wolipeza poyeza kawiri kokha, n'kufotokoza njira yake pagulu, adzalandira sikelo yamagetsi ndi benchi la pageti. Vuto linali limodzi: komitiyo inalibe sikelo.

A Hamidu, ogulitsa mpunga chiyambire unyamata wawo, anabwereketsa yawo msangamsanga, anthu n'kuwayamikira. Sanadziwe kuti bamboyu mtima unali pa alamu awo a Zaidi, amene anabwera pamsikapo dzanadzanali koma anali atagula kale njinga yamoto, akuwedeza azimayi onse ogula mpunga a ku Liwaladzi ndi kumwetulira. Benchi la pageti kupitanso kwa a Zaidi? A Hamidu ankati bola msikawo upse.

Njira anaiphunzira kunyumba ndi zitsekerero za mabotolo: atatu uku, atatu uku, atatu pambali. Ankadziwanso china. Kunsi kwa mbale yothiramo mpunga anamatako kachitsulo ndi phula kalekale, moti sikeloyo inkapendekera mbali imodzi ngakhale ilibe kanthu.

A Zaidi anayamba, ndipo njira ankaidziwa, n'kuifotokoza bwinobwino. Anakhulupirira sikelo, n'kutola kobiri labwinobwino. A Hamidu anawapepesa mokweza, nkhope ili ngwee.

Itafika nthawi yawo, anaika atatu uku, atatu uku. Sikelo inapendekeka monga mwa masiku onse, osapitirira, ndiye anadziwa kuti mbali ziwirizo n'zofanana. Anatenga a pambali aja, kuyeza kachiwiri, n'kukweza kobiri lopalidwa lija m'mwamba.

Wapampando anaomba m'manja, kenaka anawapempha kuti afotokoze chifukwa chimene anasiyira mbale imene inakwera poyeza koyamba, pamene kobiri lopepuka limayenera kukhala m'menemo. A Hamidu anayang'ana gulu. Kutsogolo kunali azimayi amene akhala akugula mpunga pa sikelo yomweyo chikwatiwireni.

"Fotokozani, alamu," anatero a Zaidi mofatsa. "Ifenso tiphunzire. Sikelo yanuyi timaiona ngati yopanda chinyengo."

A Hamidu ananena kuti angolota.

Malamulo sankalola maloto. Komiti inakambirana pansi pa mtengo wa mango, n'kugamula kuti palibe wapambana, koma poti a Zaidi njira anaifotokoza bwino, benchi la pageti akhalepo mongogwirizira. Chaka chatha a Zaidi analikhomera malata.

A Hamidu akadali kumapeto kwa mzere, pafupi ndi a usipa, ndipo amauza aliyense wofuna kumva kuti kobiri analipeza ndi iwo. Sikelo yamagetsi sinabwere. Komiti ikamayendera msika kufufuza masikelo onama, imabwereka ya a Hamidu.