Ankasuta onse asanu, anadwala mmodzi

Chingwe chake chinali chabuluu, cha nayiloni, chodula ku khoka lakale. Ndimachikumbukira bwino kuposa nkhope ya amalume ya nthawi imeneyo, ndipo zimandichititsa manyazi. Mbali ina anachimanga kumtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Chiwanga, mbali ina kumwendo wa amalumewo. Amayi anakulungapo kansanza kuti chisawacheke. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo inali nyengo ya mwera, mphepo yong'amba milomo ija, usipa ukuuma tsiku limodzi pamathandala.

Amalumewa anali mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Ankapalasa bwato ndi anzawo anayi, ndipo onse asanu ankasuta chamba asanalowe m'madzi. Sichinali chinsinsi. Ankati chimalimbitsa mikono ndi kuchotsa mantha a mafunde. Amalume anachiyamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi, moti fungo lake ine ndinkaliyesa fungo lawo lobadwa nalo.

Matenda anabwera mwakachetechete. Poyamba anasiya kudya nsomba, ati zikuwayang'ana. Kenako boti la asilikali a ku Metangula likangodutsa, ankakwawira pansi pa thandala, ati labwera kudzawatenga. Ife ana tinkaseka. Tinasiya kuseka mmawa umene anadula khoka la anzawo ndi mpeni, akuyankha anthu amene ife sitinkawaona.

Mudzi unaweruza msanga. "Asuta onse asanu, bwanji wadwala mmodzi? Pali dzanja la munthu apa." Chala chinaloza mnzawo wina wam'bwato momwemo, ndipo mabanja awiri anasiya kupalirana moto. Lamulungu tinkawapempherera kutchalitchi, Lolemba kunkabwera sing'anga ndi mphini zake. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti anzawo aja, pomva chisoni, ankawabweretsera chamba pansi pa mtengo pomwepo kuti mtima ukhale pansi. Ankawakonda ndithu, sindikana. Koma akasuta ankakhala phee kanthawi kochepa, kenako n'kuyamba kukuwa mpaka mawu kusasa.

Amene anatsutsa anali aphunzitsi anga, munthu woonda wa choko m'zikhadabo. Anabwera masana ena, n'kukhala pamchenga pafupi ndi amayi.

"Amayi, mwera ndi umodzi. Mabwato onse amaupeza. Koma lomira ndi lomwe linali ndi mng'alu kale, ngakhale mwini wake sankauona. Suluma imeneyi, chambachi, muichotse, munthuyu mupite naye kuospitali."

Amayi anangopitiriza kusankha usipa, koma ndinaona manja awo akutaya wabwino n'kusunga wonyenyeka.

Patapita masiku awiri tinapita nawo amalume kuchipatala cha ku Metangula, ine nditasenza dengu la chinangwa. Ndimakumbukira fungo la mankhwala opukutira pansi ndi kuzizira kwa benchi la simenti. Anamwino anafunsa mofatsa ngati pamtundu pathu panali wina amene anadwalapo chonchi.

"Palibe," anatero amayi, maso ali pansi.

Sabata yomweyo amayi anachita chinthu chimene ndinawada nacho. Achimwene anga, a zaka khumi ndi zitatu, anali atalonjezedwa malo a amalume m'bwato lija. Anali atasema kale nkhafi yawo, akugona nayo pamphasa ngati mwana. Amayi anakana. Anawalongedzera malaya awiri m'thumba la pulasitiki n'kuwakweza shapa, minibasi yopita ku Maniamba, kwa abale a bambo, kukalima chimanga kumapiri. Mwana wa kunyanja kukagwira khasu, anzawo anawaseka mpaka pamsewu. Achimwene analira osabisa. Anthu akawafunsa chifukwa chake, amayi ankangoti, "Wanga uyu ayi." Ine ndinakhala masiku ambiri osawalankhula, ndipo akandituma kumadzi ndinkachedwa dala.

Zoona ndinazimva ndili ndi ana anga kale. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, amene tinkauzidwa kuti anamira pangozi ya bwato, analowa okha m'madzi akutsatira mawu amene ankawaitana. Kwathu matenda amenewa satchulidwa pamtundu, kuopa kuti ana aakazi angasowe owafunsira. Choncho amayi ananamiza anamwino, analola kuti munthu wosalakwa atchedwe mfiti, koma iwo eni sanadzinamize. Pa za munthu wosalakwayo sindiwaikira kumbuyo. Anafa anthu akumulozabe.

Masiku ano achipatala amanena zomwe ananena aphunzitsi aja, kungoti m'mawu ataliatali: ena amabadwa ndi kufooka kumeneku m'magazi, ndipo chamba, makamaka chikayambidwa paubwana, chimakukolezera. Si onse obadwa nako amene amadwala, ndiponso si onse osuta. Vuto n'lakuti palibe amene amadziwiratu mbali imene ali. Amalume alipobe, amasoka maukonde. Akamamwa mankhwala osasuta amakhala munthu wocheza naye. Kawiri konse anabwerera kufodya wawo, kawiri konse anadwalanso. Achimwene ndi mlimi wa ana asanu, mutu uli bwinobwino. Kaya anapulumutsidwa kaya analandidwa nyanja pachabe, sitidzadziwa, ndipo iwo amati akaona madzi mtima umawawabe.

Chotsala m'mutu mwanga ndi mmawa uliwonse wa mwera umenewo achimwene atachoka. Ndisanapite kusukulu, amayi ankandigwira chibwano ndi dzanja lozizira, kundizungulitsira kuwala, n'kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Ine ndinkapotoza khosi, ndili wokwiya, poganiza kuti akufuna manthongo.