Ziphuphu za Duwa la Apongozi

Kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wometa, pali kachipinda ka mkulu wina wojambula zithunzi amene aliyense amamutcha Osaphethira. Dzinali analiumba yekha ndi pakamwa pake. Munthu ukangokhala pampando, nsalu yoyera kumbuyo, moni wake ndi womwewo: "Osaphethira!" Zaka makumi awiri wathera mmenemo, kujambula za pasipoti, za ziphaso, ndi za anthu osaka banja.

Luso lake lenileni linali pa kompyuta. Ukalowa ndi ziphuphu umatuluka wosalala ngati dzira losenda. Mayi wina wachikulire anabweza chithunzi chake, ati si iye, ndi mdzukulu wake. Dzanja la Osaphethira linazolowera moti likaona kadontho limafufuta mutu usanalamule.

Apongozi ake anali ndi duwa limodzi m'ndowa yobooka. Analidzala ndi malemu amuna awo, ndipo limamasula kamodzi pachaka, masiku atatu basi. Chaka chimenecho linatupa mutu iwo akupita kuchipatala kukachotsa ng'ala, ndiye ndowa anaisiya kwa mwana wawo, mkazi wa Osaphethira.

"Akamwini," anatero apongozi ali pakhomo, "zaka zinayi ndakhala ndikungolinunkhiza. Likamasula ine kulibe, mulijambule pafupi. Maso akatseguka ndilione monga analisiyira bambo."

Tsiku limene linamasula, mkuluyo anaphunzira kuti duwa silimva "osaphethira". Kamphepo kakangoti pe, lagwedeza mutu. Anagona chafufumimba pakhonde mmawa dzuwa lisanalimbe, mimba itaphwatalala, diso la kamera litatsala pang'ono kupsompsona duwalo. Mkazi wake dzanja lina katoni yotchinga mphepo, lina pepala loyera lobwezera kuwala.

"Inu abambo, kupumako mukuligwedeza ndinu!"

Anagwira mpweya mpaka maso kutong'oka. Pomaliza anapeza chithunzi chimodzi chabwino: duwa lachikasu lili gwa, kumbuyo konse kuli mbuu.

Atalikuza pa kompyuta anadzidzimuka. Duwa lonse madontho ofiirira! Kanyerere nako kali pamwamba, kukhala ngati kalipira. "Apongozi anga asaone matenda awa," anatero, ndipo dzanja linayamba ntchito yake. Anafufuta, anasalaza, anasunga pamwamba pa choyambirira, monga amachitira ndi nkhope za anthu. Khadi la m'kamera analipukuta Loweruka popita kukajambula ukwati. Duwa nalo linafota, linagwa.

Mmawa wa tsiku lobwera apongozi, Osaphethira anafika kunyumba ndi chithunzi chachikulu cha m'felemu, akuyenda ngati wapha njovu. Mkazi wake anachiyang'ana, anakhala pansi.

"Madontho ali kuti?"

"Ndachiritsa, mayi. Kwaulere."

"Mwachiritsa? Bambo ankalitcha Nkhanga chifukwa cha madontho amenewo! Amayi akapirira mpeni m'maso kuti adzaone dzungu ili?"

Osaphethira anaphethira. Anathamangira kuntchito, nayesa kubwezera madontho ndi dzanja. Duwa linatuluka ngati lagwidwa chikuku. Anafufuta, anayesanso, likhale ngati alitayira tiyi. Thukuta linali chuchuchu, ndipo basi ya apongozi inali m'njira.

Wometa anasuzumira. "Bwanji achimwene, mwafufuta mkwati?"

"Bola mkwati."

Anati asindikize la tiyilo basi, makina osindikizira nkuyamba kutsokomola monga mwa nthawi zonse. Apo mpamene anakumbukira. Makinawo amanama mtundu wofiira, ndiye mmawa uliwonse amayamba wayesa inki ndi chithunzi chilichonse chimene chili pafupi, asanachikhudze, papepala la pasipoti. Mapepala oyeserawo amatola ndi telala, kuti azilembapo miyezo kumbuyo.

Anagwa m'shopu ya telala ngati mbava. Anavundula mulu wa pa msomali: dazi la munthu, khanda lolira, mkwatibwi wopanda mutu. Pansi penipeni, pepala la duwa lija: tinkhanga tisanu ndi titatu m'mizere iwiri, madontho onse alipo.

"Limenelo ayi," anatero telala, "kumbuyo kuli chiuno cha kasitomala."

"Akabwera mumuyezenso, chikhala chitakula kale!"

Madzulo apongozi anakhala pakhonde, magalasi akuda atakwezera pamphumi. Mkamwini anapereka kapepalako ndi manja awiri, felemu atabisa kuseri kwa chitseko. Iwo anakayandikiza kumaso. Chala chawo chinayenda padontho lililonse.

"Ndi lomweli," anatero motsitsa. "Onani, ndi nyerere yomwe. Bambo ankalimbana nazo chaka chilichonse."

Mpweya umene Osaphethira anaugwira kuyambira mmawa unatuluka wonse, mpaka katani inagwedezeka.

Apongozi anaitanitsa lumo la telala limene mwana wawo anabwereka osabweza, anadulapo kachithunzi kamodzi, nakalowetsa m'kachikwama pambali pa chithunzi cha malemu. Kenako maso atsopanowo anagwera kuseri kwa chitseko.

"Nanga dzungu ilo ndi la ndani?"

"La kasitomala, amayi."

"Ali ndi tsoka." Anatsitsa magalasi. "Koma akamwini, tsiku lojambula ine, dzanja lanulo musalimange. Makwinya awa mufufute, sanadzale ndi bambo."