Agogo Ngozo Anafika Kawiri

Chaka cha 1971 ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndikakumbukira chaka chimenecho, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la palafini wosakanikirana ndi ndowe zouma, chifukwa agogo anga aamuna, a Ngozo, ankagona m'khola la mathole pamodzi ndi njinga yamoto yakufa.

Kwathu ndi kufupi ndi Tsangano, kumtunda kozizira, kumene nkhungu imagona m'minda mpaka dzuwa litakwera. Ndinkakhala ndi agogo aakazi, anaMbewe. Amayi anga, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamwalira ine ndikukwawa, bambo anga n'kubwerera kwawo. Agogo aamuna sindinkawadziwa. Anapita ku migodi ya ku Joni amayi anga adakali kumsana, ndipo anatchona. Pochoka analonjeza pamaso pa anthu kuti adzabwera pa mthuthuthu ngati wa wansembe wa kumishoni, mudzi wonse udzamva. Mudzi unadikira, kenako unaiwala. AnaMbewe sanaiwale.

Chaka chimenecho agogo aamunawo anabwera pa ngolo ya ng'ombe: munthu wowonda, wa jekete lalikulu lakuda, akutsokomola, atakhala pakati pa mabokosi ndi zitsulo zadzimbiri. Palibe mayi amene anaimba nthungululu. AnaMbewe anatuluka khasu lili m'manja. Anayang'ana munthu, anayang'ana zitsulo.

"Munati mudzabwera pa mthuthuthu. Uli kuti?"

"Ndi umenewu, anaMbewe. Wangodwala."

"Ndiye simunafike. Amuna anga adakali panjira. Alendo agone kukhola."

Ankhoswe anayesa kulankhula, osaphula kanthu. Amene anathetsa nkhani ndi agogo aamuna eni ake. "Wanena zoona mkaziyu," anatero. "Sindinafike." Anasenza mabokosi awo kupita kukhola la mathole, kanyumba kofolera ndi udzu kamene kanali kopanda ntchito chithereni ng'ombe zathu. M'nyumba mwa mkazi wawo akanalowa pokhapokha njingayo italira n'kuwafikitsa pabwalo. Mudzi wonse unadziwa zimenezo.

Chakudya ankalandira. AnaMbewe sanali munthu womana. Ankandipatsa mbale n'kunena kuti, "Kapereke kwa alendo aja," ndipo umo ndi mmene ndinayambira kukhala kukhola kuja.

Njingayo inali ya ku Mangalande, yakuda, yolemera ngati thole. Anaigula yakufa kale kwa kapitawo wina wa pamgodi, n'kuimasula yonse kuti ikwanire m'mabokosi. M'kholamo anayala masaka, chitsulo chilichonse pamalo pake, ndipo kuyambira m'mawa nkhungu isanachoke mpaka ng'ombe za anthu zikubwerera kumakola, munkamveka tupa ikukhecha, chitini cha palafini chikuwayawaya akamatsuka tcheni, ndi chifuwa chawo chija cha kumigodi chimene chinkawapinda pakati, iwo n'kulavula, n'kupukuta pakamwa ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kutolanso sipanala. Dzimbiri tinkalichotsa ndi mchenga wa kudambo ndi kansanza. Chishalo anachikuta ndi chikopa cha mbuzi, kusoka okha.

Sankalankhula kwambiri. Tsiku lina ndinatenga nyundo kuti ndimenye bawuti yokana kumasuka. Anandigwira mkono.

"Usamenye. Chimene chakana lero, chithire mafuta. Mawa chivomera."

"Chikakana mawa?"

"Uthirenso."

Ndinawafunsapo chifukwa chimene anakhalitsira ku Joni. Ndinali mwana, ndinalibe mantha. Anapitiriza kupukuta pisitoni. "Chaka chilichonse ndinkati chaka cha mawa. Manyazi amakula ngati chulu, mdzukulu. Sumaona tsiku limene akwera." Sanadzayankhenso funso limenelo.

Matayala anali atawola. Pa Tsangano panali Che Amidu, Msilamu wa sitolo, amene ankadziwana ndi madalaivala a malole. Tinapita kumeneko wapansi, agogo akupuma pachikweza chilichonse.

"Che Ngozo," anatero Che Amidu akuseka, "ngolo ya ng'ombe ija inalakwa chiyani? Inakufikitsani bwinobwino, yosafuna petulo."

"Ngolo inafikitsa katundu. Ine ndikubwera m'mbuyo."

"Nanga mayi aja sangakhululuke ndi chitenje? Ndili nazo zokongola."

"Simukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa. Anandibwezera mchere kuti ndi wonyowa."

Matayala anabwera patapita milungu. Agogo anasiya jekete lawo lakuda kusitoloko ngati malipiro, n'kubwerera ndi malaya okha, matayala atawakoleka m'khosi. Nyengo yozizira inali itayamba. Amene amadziwa mphepo ya ku Tsangano adziwa chimene munthu wa chifuwa anachita pamenepo.

Njinga itaima pa matayala ake, anthu anabwera kudzaonera. Amuna anakhala pa mpanda wa khola, ana pansi. Agogo anathira petulo, anakwera, anaponda chopondera. Zii. Anapondanso. Anaponda mpaka chifuwa chinawagwetsa pansi. Wina pampanda paja anati, "Ikufuna fodya wa ku Joni imeneyo," anthu n'kuphulika kuseka. AnaMbewe anali pakhonde akusankha nyemba. Sanaseke, sanadzutsenso mutu.

Anthu atabalalika, agogo anazula waya wa ku pulagi n'kundigwiritsa kunsonga kwake.

"Ndikaponda, undiuze ngati wakuluma."

Anaponda. Sindinamve kanthu.

"Maginito," anatero. Ndi kabokosi kachitsulo kamene kamapanga moto wopita ku pulagi. Nkhungu inali italowa m'kati mwake, ndipo kakanyowa sikapereka moto.

Apa analakwitsa, chifukwa cha changu. Anasonkha moto m'kholamo kuti aumitse maginito tsiku lomwelo. Lawi linanyambita chitini cha palafini, udzu wa padenga n'kugwira. Ine ndinathawa. Iwo analowa mu utsi, n'kutulutsa maginito, n'kubwereranso kukakoka njinga. Chishalo chinapsa. Dzanja lamanja linapsa, ndipo zala ziwiri zinapindika, sizinadzawongokenso. Theka la denga linapita.

Madzulo ake anaMbewe anandipatsa mbale ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. "Alendo aja apake padzanja. Ndiponso uwauze kuti khola limenelo anamanga ndi atate anga."

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala padzuwa, maginito ali pamiyendo.

"Kakufuna kutentha kwa pang'onopang'ono," anatero. "Masiku ambiri. Monga chimanga cha mbewu."

Tonse tinadziwa kumene chimanga cha mbewu chimakhala: chopachikidwa pamwamba pa moto m'khitchini mwa anaMbewe. Anandituma. Ndinapita nditafukata kachitsulo kaja.

"Agogo, alendo aja akuti..."

"Alendowo pakamwa panapsanso?"

Ndinabwerera nako. Agogo aamuna anaimirira, anakutumula fumbi kuthalauza, anapita okha. Ananjuta kunja kwa chitseko cha khitchini, munthu wa imvi amene anakumba pansi pa dziko la eni, n'kuomba m'manja ndi dzanja lomanga nsanza.

"Odi, anaMbewe. Ndikupempha malo pafupi ndi mbewu zanu."

 Dzanja la anaMbewe linatuluka pakhomo.

"Chitsulo chilowe. Mwini wake ayi."

Anakakulunga m'kansalu n'kukapachika pambali pa ngala za chimanga. Ine ndinkagona pafupi, ndinkaona. M'mawa uliwonse ankakatembenuza, ndipo utsi ukachuluka ankakasunthira kumbali kuti mwaye usalowe. Atandigwira ndikuwayang'ana anati, "Ukakanena kukhola, ndikudula makutu." Sindinanene mpaka lero lino.

Kanakhala mmenemo mpaka mwezi unaoneka watsopano. Agogo anakabwezera pa njinga ndi dzanja lamanzere, n'kundigwiritsanso waya uja. Anaponda pang'ono chabe. Chinthu chinandiluma kuyambira kuchala mpaka m'mano, ine n'kukuwa ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi. Tsiku limenelo ndinaona mano a agogo anga koyamba. Anaseka mpaka kutsokomola.

Koma mphamvu zoponda mpaka injini ilire analibenso. Ndiponso, anatero, munthu safika kuchokera kukhola. M'mawa wotsatira anavala malaya ochapa, anamangirira thabwa pamene panali chishalo, ndipo amuna awiri mwa oseka aja anatithandiza kukankha njinga mpaka kumsewu wa m'malire, pamwamba pa chitunda. Tinafika agogo akupuma ngati mvukuto. Anakwera. "Kankhani, musasiye mpaka ndikuuzeni."

Inatsetsereka mwakachetechete, miyala yokha ikulira pansi pa matayala. Anailowetsa giya. Inatsokomola ngati mwini wake, inaphulitsa utsi wakuda, inakhala ngati yafa, kenako inagwira: thu, thu, thu-thu-thu, mawu akuluakulu amene anagunda phiri n'kubwerera. Ng'ombe za m'mbali mwa msewu zinamwazika. Ine ndinathamanga m'mbuyo mwake, fumbi m'kamwa.

Analowa m'mudzi akupepesuka, miyendo ili tang'a, nkhuku zikuuluka. Amayi ena anayamba nthungululu. Agogo anaima pabwalo pathu osazimitsa, poopa kuti sidzaliranso.

AnaMbewe anali kusankha mbatata ya kachewere. Anamaliza imene inali m'manja. Anasamba m'manja mosafulumira, anamanga chitenje, anabwera.

"Mwafika?"

"Ndafika."

"Mwachedwa."

"Ndachedwa, anaMbewe."

"Musazimitse. Alipo wina simunamulonjere."

Anakhala chammbali kumbuyo kwa thabwa lija, mayi amene anali asanakwerepo ngakhale njinga yakapalasa, n'kuloza njira ndi chibwano. Ndinawatsatira. Njirayo inali yopita kumanda. Miyezi yonseyi agogo aamuna anali asanaonetsedwe pamene panagona mwana wawo, ndipo anali asanalimbe mtima kufunsa.

Kumanda salowa wamba, choncho anaima m'mphepete mwa msitu. AnaMbewe anatsika n'kuloza.

"Pansi pa muwanga uwo, chakumanzere. Ali mwana, akamva mthuthuthu ankathamangira kumsewu, kuyesa ndinu. Anasiya atatha msinkhu. Muuzeni nokha."

Agogo anatsika, ine ndi anaMbewe tinagwira njinga kuti isagwe. Anavula chipewa, anagwada pa udzu wonyowa. Injini inagunda kangapo n'kuzima yokha, ndipo m'chete mmenemo ndinawamva bwinobwino.

"Esinati, ndine atate ako. Ndabwera."

 Sindinawaone akulira, ndipo sindinena kuti analira. Pobwerera njinga tinachita kukankha, iwo chogwirira chimodzi, anaMbewe chinacho, ine kumbuyo. Tsiku limenelo anadyera m'nyumba.

Anakhalamo mvula ziwiri. Chifuwa chinawatenga chaka chachitatu chisanakwane, ali pamphasa ya mkazi wawo. Njinga inalira kangapo konse, kenako inafa ndithu, ndipo sanavutike nayonso.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5. Anzanga atayamba kulembetsa za ku Joni anandiitana, ndinakana. Anati ndine wamantha. Ndinalima kachewere pa nthaka yomweyi, ndinalera ana asanu ndi mmodzi, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anathamangirapo kumsewu kukafuna bambo ake. Anyamata a masiku ano amene amanyamula anthu pa timithuthuthu tawo amandifunsa ngati n'zoona kuti agogo anaukitsa njinga yakufa m'khola. Ndimati n'zoona. Akafunsa kuti inawadyera zingati, ndimawawerengera: jekete limodzi, chishalo chimodzi, theka la denga, zala ziwiri, zaka pafupifupi makumi atatu, ndi mwana mmodzi.